Mulungu Amene Anakhala M'chihema Pakati pa Anthu Ake

Phunziro lathu lero latsamira pa buku la Eksodo, kuyambira mutu 25 mpaka mutu 40, ndi pa Kalata ya kwa Ahebri mutu 9 ndi 10. Amene muli ndi Baibulo, pindani tsamba pamenepo kuti mukawerenge mofatsa madzulo.

Miyezi yapitayi alamu anga anabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anafikira kwathu ku Kabwata. Iwo ndi mkulu wa mpingo kwawoko. Tsiku la Sabata ndinawatenga kukapemphera ku tchalitchi chathu chachikulu, Cathedral of the Holy Cross, chimene chili pachitunda pafupi ndi msewu wa Independence Avenue. Mwala wa maziko ake unaikidwa mu 1957, ndipo anthu anayamba kupempheramo pa 14 September 1962. Ndi momwemo mmene munachitikira mapemphero a maliro a Dr Kenneth Kaunda mu July 2021. Alamu anga analowa atagwira chipewa m'manja, nayang'ana denga lalitali, magalasi amitundumitundu ndi guwa. Mapemphero onse sanayankhule kanthu. Tili m'basi pobwerera, anati, “Alamu, Mulungu akakhala ndi nyumba yotere, kwathu kuja angakafuneko chiyani?”

Sananene moseka. Tchalitchi chawo chinasasuka denga ndi mphepo ya mvula yoyamba. Tsopano amapempherera pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa amapempha kalasi kusukulu. Ansembe amafika kamodzi pa miyezi itatu, pakuti ali ndi mipingo yambiri ndipo misewu ndi yoipa. Za ndalama ya malata pali kung'ung'udza, ena akuti sizikuoneka bwino. Achinyamata angapo achoka, akuti akufuna kumene kuli nyumba yooneka ndi zokuzira mawu. Ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mukundimva, ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza, ku Msoro, funso la alamu anga ndi lanunso. Ndiye tiyeni tipite m'chipululu cha Sinai, tikaone nyumba yoyamba imene Mulungu mwini analamula kuti ammangire.

Nyumbayo inali chihema. Aisraeli anali atangotuluka mu ukapolo ku Ejipito, alibe munda, alibe mudzi, akugona m'mahema. Mulungu anauza Mose kuti anthu ammangire malo opatulika kuti akhale pakati pawo. Sanasankhe kukhala pamwamba pa phiri pomwe anthu ankaopa kuyandikira. Anasankha nyumba yofanana ndi yawo, yoti akhoza kuimasula, kuipinda ndi kuinyamula. Kuno ku Kabwata kudakali tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, totsala pa tambiri timene tinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni. Tinali tinyumba ta anthu osayembekezeka kukhalitsa. Taganizani bwanamkubwa wa nthawi imeneyo atasiya nyumba yake yaikulu nkudzapempha kanyumba kamodzi pakati pa antchito. Zimenezo palibe bwanamkubwa anachitapo. Mulungu wakumwamba anachita.

Monga mphunzitsi wakale, ndiloleni ndikupatseni miyeso. Mkono umodzi ndi pafupifupi masentimita 45. Bwalo la chihema linali mikono 100 m'litali ndi mikono 50 m'lifupi, ndiko kuti mamita 45 ndi mamita 23. Silinafike ngakhale kota la bwalo la mpira. Chihema chenichenicho chinali cha mamita ngati 14 m'litali ndi mamita osafika 5 m'lifupi. Matchalitchi ambiri a kumudzi amachiposa kukula. Kunja kwake kunalibe chokopa maso: pamwamba pa nsalu zokongola anayala nsalu za ubweya wa mbuzi, kenako zikopa za nkhosa zamphongo zonika zofiira, ndi zikopa zina pamwamba pake zotchinjiriza dzuwa ndi fumbi. Wodutsa patali ankangoona zikopa. Golide yense anali m'kati. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chihema cha Mulungu chinali chosiyana ndi mkuyu: kunja kosaoneka bwino, m'kati ulemerero. Mneneri Yesaya, pa mutu 53, anati Mtumiki wa Ambuye adzakhalanso wotero, wopanda maonekedwe oti anthu nkumukhumbira.

Tsopano tiyeni tilowe pang'onopang'ono. Sindidzakuuzani kuti chikhomo chilichonse ndi chingwe chilichonse chili ndi tanthauzo lobisika, pakuti Malembo sanatero, ndipo mlaliki asamaike m'kamwa mwa Mulungu mawu amene sananene. Koma Kalata ya kwa Ahebri imatiuza kuti chihema chinali chithunzi ndi mthunzi wa zinthu zakumwamba. Mthunzi wa munthu ukaonekera pakhomo, timadziwa kuti mwini wake ali pafupi. Mwini mthunziwo ndi Yesu Khristu.

Choyamba ndi mpanda ndi chipata. Mukayenda ku Kabulonga kapena ku Woodlands mudzaona mipanda yaitali ya njerwa, waya wamagetsi pamwamba, mlonda pageti, galu m'kati. Mpanda wotere umanena kuti, usayandikire. Mpanda wa chihema unali wa nsalu yabafuta, wotalika mikono 5. Unkaphunzitsa kuti Mulungu ndi woyera, munthu sangalowe chilowelowe ngati mbuzi m'munda. Koma kum'mawa kwake kunali chipata chimodzi chachikulu, cha mikono 20, pafupifupi mamita 9, cha nsalu yamitundu yowala. Chipata chimodzi, koma chotakasuka. Pa Yohane mutu 10 Yesu akudzitcha yekha khomo la nkhosa. Njira ndi imodzi, koma palibe amene amabwezedwa chifukwa chosowa nsapato.

Ukangolowa, chinthu choyamba kukumana nacho chinali guwa la nsembe zopsereza, la mtengo wa mthethe wokutidwa ndi mkuwa, mikono 5 mbali zonse zinayi. Pamenepo panali magazi, utsi ndi fungo la nyama yopserera. Mwanawankhosa ankaperekedwa m'mawa, wina madzulo, tsiku ndi tsiku. Munthu wobwera ndi nsembe ankasanjika dzanja lake pamutu pa chiweto chisanaphedwe. Inu oweta mukudziwa kupweteka kwake kotulutsa m'khola chiweto chopanda chilema, chimene unachiyembekezera kuti chidzakuthandiza pa njala. Tchimo silitsika mtengo. Yohane Mbatizi ataona Yesu anamutcha Mwanawankhosa wa Mulungu, ndipo guwa lake linali mtanda. Nchifukwa chake sitingafike kwa Mulungu molambalala mtanda, ngakhale titavala yunifolomu ya mpingo yochapidwa bwino.

Pakati pa guwa ndi chihema panali mkhate wamkuwa wodzaza madzi, pomwe ansembe ankasamba m'manja ndi m'mapazi asanalowe. Eksodo 38 ikutiuza kuti mkuwa wake unachokera ku akalirole a amayi amene ankatumikira pakhomo la chihema. Amayi a Mothers' Union, mwamva? Amayi aja anapereka chinthu chimene ankadziyang'anirapo, kuti chikhale chosambira cha nyumba ya Mulungu. Ife a mu Lusaka tinaphunzira mowawa kufunika kwa kusamba m'manja kumayambiriro kwa 2024, pamene kolera inavuta mpaka bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Dothi losaoneka ndi maso limapha. Ndi mmenenso lilili tchimo lobisika. M'matchalitchi athu ambiri chobatizira chimaikidwa pafupi ndi khomo, kutikumbutsa kuti tinalowa mwa madzi a ubatizo. Ubatizo ndi umodzi, subwerezedwa. Koma ansembe aja ankasamba nthawi zonse polowa, monga ifenso timagwada ndi kuulula machimo athu tisanayandikire gome la Ambuye.

Tikalowa m'chipinda choyamba, chotchedwa Malo Opatulika, tikupeza zinthu zitatu. Kumpoto kunali gome, ndipo pagomepo mikate 12, umodzi wa fuko lililonse la Israeli, yosinthidwa Sabata lililonse. Fuko lalikulu la Yuda linali ndi mkate umodzi, fuko laling'ono nalonso mkate umodzi. Pamaso pa Mulungu mpingo wa anthu 15 wa pansi pa mtengo uli ndi malo ake pagome, ofanana ndi a mpingo wa m'tauni wodzaza magalimoto pabwalo. Yesu anadzitcha mkate wa moyo, ndipo mkate umene mumalandira ansembe akafika patapita miyezi itatu ndi womwewo umene umanyemedwa paguwa la ku Cathedral.

Kumwera kunali choikapo nyale cha golide woona, cha nyale 7, chosulidwa ngati mtengo wa nthambi ndi maluwa. Chihema chinalibe mazenera, kuwala konse kunkachokera pamenepo. Koma tamvani ichi: mafuta a nyalezo sankagwa kumwamba ngati mana. Anthu wamba ndiwo ankalamulidwa kubweretsa mafuta a azitona, ndipo ansembe ankakonza nyale m'mawa ndi madzulo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, ife a m'tauni tinakhala maola ambiri mu mdima, ndipo tinakumbukira zimene inu a kumudzi mumadziwa kale, kuti nyale imafuna munthu woisamala. Khristu ndiye kuunika kwa dziko. Koma mumpingo mwanu nyale idzayaka ngati pali wina wobwera m'mamawa kudzasesa, wina wowerenga mawu, wina wophunzitsa ana katekisimu, ngakhale ansembe kulibe.

Chachitatu chinali guwa laling'ono lagolide lofukizirapo lubani, loima pafupi ndi nsalu yotchinga. Buku la Chivumbulutso limafanizira zofukiza ndi mapemphero a oyera mtima. Pa zinthu zonse za m'chipinda chija, chimene chinayandikira kwambiri malo a Mulungu chinali guwa la pemphero. Agogo amene simuthanso kuyenda kupita kutchalitchi, mumangopemphera pamphasa kutchula maina a adzukulu, musadziyese otsalira. Inu ndinu amene mwaima pafupi ndi nsalu.

Kuseri kwa nsalu yotchinga, yolukidwa ndi ulusi wobiriwira ngati thambo, wofiirira ndi wofiira, yokhala ndi zithunzi za akerubi, kunali Malo Opatulikitsa. M'menemo munali Likasa la Chipangano, bokosi la mthethe lokutidwa ndi golide, lotalika pang'ono kuposa mita imodzi. Ahebri 9 imatchula zimene zinasungidwamo: miyala iwiri ya malamulo, mphika wa mana, ndi ndodo ya Aroni imene inaphuka. Pamwamba pake panali chivundikiro chagolide chotchedwa chotetezerapo, ndi akerubi awiri otambasula mapiko. Munalibe fano la Mulungu. Munthu mmodzi yekha, mkulu wa ansembe, ndiye ankalowamo, tsiku limodzi pa chaka, Tsiku la Chitetezo, atanyamula magazi ndi zofukiza, monga tiwerenga pa Levitiko 16. Ankawaza magazi pachivundikiro chija. Taonani dongosolo lake: pansi pali malamulo amene anthu aswa, pamwamba pali Mulungu woyera, pakati pali magazi.

Chaka chotsatira ankabwerezanso. M'chihema monse munalibe mpando wa wansembe, pakuti ntchito yake sinkatha. Ahebri 10 imati ansembe ankaimirira tsiku ndi tsiku kupereka nsembe zomwezomwezo, koma Khristu atapereka nsembe imodzi anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Munthu amakhala pansi akamaliza ntchito. Ndipo pa ola limene Yesu anafa, Mateyu 27 ikutiuza kuti nsalu yotchinga ya m'Kachisi wa ku Yerusalemu, amene analowa m'malo mwa chihema, inang'ambika pakati kuchokera kumwamba mpaka pansi. Siinayambire pansi, pomwe dzanja la munthu likanafika. Inayambira kumwamba. Kuyambira tsiku limenelo palibenso chipinda chimene mwana wa Mulungu amaletsedwa kulowa. Wina akakuuzani kuti pemphero lanu silingafike pokhapokha mutagula kwa iye madzi, mafuta kapena kansalu, dziwani kuti akusoka nsalu imene Mulungu anang'amba.

Tsopano tibwere ku nkhani ya malata. Chihema chinamangidwa ndi zopereka za anthu amene analibe malipiro a pamwezi. Anabweretsa ndolo, mphete, zikopa, matabwa ndi mafuta. Amayi aluso anapota ulusi ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo. Bezaleli wa fuko la Yuda ndi Oholiabu wa fuko la Dani anatsogolera ntchito, ndipo Malembo amati Bezaleli anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu kuti akhale mmisiri. Akalipentala ndi oumba njerwa, luso lanu ndi mphatso ya Mzimu. Anthu anapereka mpaka amisiri anakadandaula kwa Mose kuti zachuluka, ndipo Mose analengeza kuti asiye. Ine pa zaka zanga zonse mumpingo sindinamvepo chilengezo chotere. Koma kumbukirani kuti anthu omwewa, masiku ochepa m'mbuyomo, anavula ndolo zawo nkupangira fano la mwanawang'ombe, pa Eksodo 32. Golide ndi yemweyo, anthu ndi omwewo. Chinasintha ndi mtima.

Ndipo ntchito itatha, Mose sananene kuti, ndikhulupirireni, ndine mtumiki wa Mulungu. Pa Eksodo 38 pali chiwerengero chonse, cholembedwa moyang'aniridwa ndi Itamara mwana wa Aroni: golide matalente 29 ndi masekeli 730, siliva matalente 100 ndi masekeli 1,775, wochokera kwa amuna 603,550, aliyense theka la sekeli. Analemba ngakhale kumene siliva anapita. Ngati Mose, amene anayankhula ndi Mulungu paphiri, anaonetsa mabuku, msungichuma wa mpingo wathu angakane bwanji? Akulu a mpingo, werengani ndalama anthu awiri kapena atatu ali pomwepo, lembani m'buku, lengezani pa Sabata. Ndalama yobisika imabala miseche, ndipo miseche imagwetsa mpingo msanga kuposa mphepo.

Pali kanthu kenanso pa Numeri 7 kamene alimi mudzakakonda. Posamuka, Alevi anapatsidwa ngolo 6 ndi ng'ombe 12. A banja la Gerisoni, onyamula nsalu ndi zikopa, analandira ngolo 2 ndi ng'ombe 4. A banja la Merari, onyamula matabwa ndi mizati, analandira ngolo 4 ndi ng'ombe 8. A banja la Kohati sanalandire ngolo ngakhale imodzi, chifukwa katundu wawo anali zinthu zopatulika kwambiri, zoyenera kunyamulidwa paphewa. Amene analibe ngolo ndiwo ananyamula Likasa. Mutu umodzi susenza denga; aliyense anali ndi katundu wake. Uthenga unafikanso kwathu kum'mawa pa mapewa a anthu. Wansembe Leonard Kamungu, wochokera ku Nyasaland, anafika ku Msoro cha m'ma 1911 nagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Kunalibe tchalitchi chachikulu mu Lusaka nthawi imeneyo. Mpingo wa pansi pa mtengo ndiwo unayamba, nyumba zamiyala zinabwera pambuyo.

Chihema chitaimikidwa, tsiku loyamba la mwezi woyamba wa chaka chachiwiri chitulukire ku Ejipito, mtambo unachiphimba ndipo ulemerero wa Ambuye unadzaza m'kati, kotero kuti Mose yemwe sanathe kulowa. Inu obwera pa basi kuchokera ku Chipata, mukaona thanki ya madzi ya ku Chelstone mumadziwa kuti mwafika mu Lusaka. Thankiyo siisuntha. Chizindikiro cha Aisraeli chinali choyenda: mtambo ukanyamuka, iwo ankanyamuka, ukaima, ankaima, usiku unkaoneka ngati moto. Chimene chinasandutsa zikopa ndi matabwa kukhala nyumba ya Mulungu sichinali golide. Chinali kubwera kwa Mwini wake.

Patapita zaka zambiri, mfumu Davide anachita manyazi kuti iye akukhala m'nyumba ya mikungudza pamene Likasa lili m'chihema. Mulungu anamuyankha kudzera mwa mneneri Natani, pa 2 Samueli 7, kuti chitulukire ku Ejipito wakhala akuyenda m'chihema ndipo sanadandaulepo kwa wina aliyense za nyumba. Solomo anamangadi Kachisi wokongola, koma anawonongedwa ndi Ababulo. Kachisi wa masiku a Yesu anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70. Koma Yohane, pa mutu 1 ndime 14, pofotokoza za Mawu amene anasandulika thupi nakhala pakati pathu, anagwiritsa ntchito liwu la Chigriki lotanthauza kumanga hema. Yesu ndiye chihema chenicheni. Ndipo Paulo akuuza Akorinto kuti iwo eni, mpingo wosonkhana, ndiwo kachisi wa Mulungu mmene Mzimu akhalamo.

Usiku womwe uja, titadya nsima, ndinatsegula Baibulo ndi alamu anga. Ndinati, “Alamu, tchalitchi chachikulu chija ndi chathu tonse, tichinyadire, anthu anachimanga mwa chikhulupiriro. Koma Mulungu sanatsekeredwemo. Iye anazolowera fumbi kalekale.” Anaseka pang'ono, nati, “Ndiye malata tisiye?” Ndinati ayi. Malata mugule, denga mukhome, pakuti ana ndi okalamba sayenera kunyowa popemphera, ndipo nyumba ya Mulungu iyenera ulemu. Koma musadikire denga kuti muyambe kukhala mpingo. Sabata likudzali sesani pansi pa mtengo paja. Yalani nsalu yoyera pa tebulo. Yambani pa nthawi yake. Werengani mabuku a ndalama poyera. Pitani kwa achinyamata amene anachoka, osati kukawakalipira, koma kukawauza kuti malo awo alipo. Yesu analonjeza pa Mateyu 18 kuti pamene awiri kapena atatu asonkhana m'dzina lake, iye ali pakati pawo, ndipo sanatchulepo za denga.

Kwa inu amene thupi lafooka, Paulo pa 2 Akorinto 5 amafanizira thupi lathu ndi msasa umene tsiku lina udzapasulidwa, natilimbitsa mtima kuti tili ndi nyumba yosamangidwa ndi manja. Ndipo kumapeto kwa Baibulo, pa Chivumbulutso 21, Yohane akumva mawu olengeza kuti chihema cha Mulungu chili pakati pa anthu, ndi kuti Iye adzapukuta misozi yonse. Zimene zinayamba m'chipululu cha Sinai zidzathera pamenepo.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu Atate wathu, amene munayenda ndi anthu anu m'chipululu ndi kukhala m'chihema pakati pawo, tikuyamikani chifukwa cha Mwana wanu Yesu Khristu, nsembe yathu ndi Mkulu wa ansembe wathu, amene anatitsegulira njira yofika kwa Inu. Yang'anani mipingo yanu ya kumidzi, imene ilibe denga, imene ilibe wansembe pafupi, imene yagawanika chifukwa cha ndalama. Ipatseni mtima umodzi, manja oyera ndi nyale yosazima. Dalitsani odwala, okalamba ndi onse amene akutimvera ali okha. Khalani pakati pathu paulendo wonse, mpaka tidzafike kwanu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu sabata yonseyi. Tidzakumanenso pa nthawi ngati yomweyi.